Mzere wa queue mu C: array yozungulira kapena linked list?

Wongoyamba analemba:

Akuluakulu, ndikupempha thandizo lanu pa nkhani ya queue, yomwe m'munsimu ndiziitchula kuti mzere popeza lamulo lake ndi lakuti choyamba kulowa ndicho choyamba kutuluka. Ndikulemba pulogalamu mu C yofufuza njira yaifupi pakati pa malo awiri pa graph (malo olumikizidwa ndi njira) pogwiritsa ntchito BFS (breadth-first search, kufufuza komwe kumayamba ndi malo apafupi kenako n'kumapita kutali), ndipo mzerewo ndinayenera kudzilembera ndekha chifukwa C payokha ilibe wake wokonzeratu.

Poyamba ndinatenga array, chinthu chatsopano n'kumachiika kumapeto. Pochotsa ndinkatenga chomwe chili m'chipinda 0, kenako n'kusuntha zotsala zonse kuti chilichonse chisendere kutsogolo ndi chipinda chimodzi. Pa graph yaing'ono zinkayenda bwino, koma nditayesa graph yaikulu, yomwe mzere wake unkapitirira zinthu 100,000 nthawi imodzi, pulogalamu inachedwa kwambiri moti ndinkaganiza kuti yaima.

Kenako ndinalemba array yozungulira. Ndili ndi manambala awiri, mutu wosonyeza chipinda chochotsapo ndi mchira wosonyeza chipinda choikapo. Ndikaika chinthu ndimalemba mchira = (mchira + 1) % kukula, ndikachotsa ndimalemba mutu = (mutu + 1) % kukula (% imapereka chotsala pogawa, ndipo kukula ndi kuchuluka kwa zipinda), ndipo ndimati mzere ulibe kanthu ngati mutu wafanana ndi mchira. Kuchedwa kuja kunatheratu, koma tsopano nthawi zina BFS imatha msanga n'kunena kuti njira palibe, pomwe ineyo ndikudziwa bwino kuti ilipo. Kodi ndalakwitsa pati? Nanga kodi n'kwanzeru kuti ndiisiye array n'kutenga linked list, momwe chinthu chilichonse chimakhala mu node (kachigawo ka memory) yakeyake yolozera yotsatira? Ndifotokozerenso kuti mtsogolomu ndikufuna kugwiritsa ntchito mzere womwewu pa pulogalamu ina, momwe thread (gawo la pulogalamu loyenda nthawi imodzi ndi linzake) imodzi izilandira manambala kuchokera ku chipangizo choyezera kutentha, pomwe ina iziwalemba mu fayilo.

Nkhwazi64 anayankha:

A Wongoyamba, munachita bwino kusiya njira yosuntha zinthu ija, ndipo ndi bwino kuti muone ndi manambala chomwe chinkakuchedwetsani. Mzere ukakhala ndi zinthu 100,000, kuchotsa choyamba kumasuntha zinthu 99,999, kuchotsa chachiwiri kumasuntha 99,998, mpaka kumapeto. Mukaphatikiza zonsezo mupeza kuti kompyuta yasuntha zinthu maulendo pafupifupi 5 biliyoni kuti ingokhuthula mzere umodzi. Pa array yozungulira, kuchotsa ndi kungosintha nambala imodzi basi, kaya mzere ndi wautali bwanji.

Vuto lanu latsopanoli ndikulidziwa, ndipo pafupifupi aliyense amene analembapo array yozungulira anakumana nalo. Tiyerekeze kuti array yanu ili ndi zipinda 4, mutu uli pa 0 ndipo mchira ulinso pa 0. Mukaika zinthu zinayi popanda kuchotsa chilichonse, mchira umapita pa 1, pa 2, pa 3, kenako umazungulira n'kubwerera pa 0. Apa mutu wafanana ndi mchira, ndipo pulogalamu yanu ikuti mzere ulibe kanthu, chikhalirecho wadzaza mpaka pakamwa. BFS ikafunsa pa nthawi imeneyi imauzidwa kuti zonse zatha, ndiye imaleka kufufuza. Ikapanda kufunsa pa nthawi yeniyeniyo n'kuika chinthu chachisanu, chinthucho chimafufuta chomwe chinali pamutu, ndipo malo omwe amayembekezera kufufuzidwa amasowa mwakachetechete. Chifukwa chake n'chakuti array ya zipinda 4 ikhoza kukhala ndi zinthu 0, 1, 2, 3 kapena 4, zomwe ndi zotheka zisanu, pomwe mtunda wa pakati pa mutu ndi mchira ungakhale wa mitundu inayi yokha. Ziwiri mwa zisanuzo ziyenera kuoneka mofanana basi.

Pali njira zingapo zothetsera vutoli. Yomwe ndingakulangizeni inu ndi yosunga nambala yachitatu, titi chiwerengero, yomwe imakwera mukaika chinthu ndi kutsika mukachotsa. Mzere ulibe kanthu chiwerengero chikakhala 0, ndipo wadzaza chikafanana ndi kukula. Mukatero mchira simufunikanso kuusunga, pakuti mutha kuupeza nthawi iliyonse powerengera (mutu + chiwerengero) % kukula, ndipo nambala yomwe simukusunga singasemphane ndi zinzake. Ena amakonda kusiya chipinda chimodzi chopanda kanthu nthawi zonse, n'kumati mzere wadzaza ngati (mchira + 1) % kukula wafanana ndi mutu. Njira imeneyi ili ndi ubwino wake pa nkhani ya ma thread, koma muzikumbukira kuti array ya zipinda 8 idzasunga zinthu 7 zokha.

Njira yachitatu ndi yomwe imagwiritsidwa ntchito mu kfifo, mzere wa mu Linux kernel. Mutu ndi mchira zimakhala manambala a unsigned omwe amangokwera osabwezedwa, chiwerengero chimapezeka pochotsa mutu pa mchira, ndipo chipinda chenicheni chimapezeka polemba mchira & (kukula - 1). Izi zimatheka pokhapokha ngati kukula ndi nambala yopezeka pochulukitsa 2 mobwerezabwereza, monga 8, 16 kapena 1024. Nambala ya 32-bit ikafika pa 4,294,967,295 imabwerera pa 0, ndipo ngati kukula kwanu kuli 10 n'kumapeza chipinda ndi % 10, chipinda chimadumpha kuchoka pa 5 kupita pa 0, kusiya 6, 7, 8 ndi 9. Cholakwika chotere chikhoza kubisala miyezi yambiri chisanaonekere, n'chifukwa chake sindikulangizani njirayi panopa.

Tsopano mukadziwa kuti mzere wadzaza, muyenera kusankha chochita. Ngati mwasankha kukulitsa array, chenjerani ndi realloc, function ya C yosintha kukula kwa memory yomwe munatenga kale. Tinene kuti zipinda zilipo 8, zonse zodzaza, ndipo mutu uli pa 5. Ndondomeko yeniyeni ya zinthu ndi 5, 6, 7, 0, 1, 2, 3, 4. Mukangoitana realloc kuti zipinda zikhale 16, zinthu za m'zipinda 0 mpaka 4 zimatsala pomwe zinali, ndipo mutu ukadutsa pa 7 umalowa m'chipinda 8 momwe muli zinyalala. Chotetezeka ndi kutenga array yatsopano, kukopera zinthu kuyambira pamutu mozungulira mpaka chomaliza, kuika mutu pa 0, kenako n'kumasula array yakale. Muzikulitsa powirikiza kawiri, osati powonjezera zipinda zochepa. Kuchoka pa zipinda 8 kufika pa 1024 powirikiza kawiri, zinthu zonse zomwe mudzakopere ndi 1016, zomwe sizikufika n'komwe pa chiwerengero cha zinthu zomwe mwaika mutachiwirikiza kawiri.

Pomaliza, ngati function yanu yochotsa imabweza -1 mzere ukakhala wopanda kanthu, isintheni. Tsiku lina mudzafuna kusunga -1 weniweni, makamaka pa manambala a kutentha mwatchula aja. Function ibweze yankho loti zatheka kapena zakanika, ndipo chinthucho ichilembe kudzera pa pointer yomwe mwaipatsa.

Thundu anayankha:

Ndikugwirizana ndi a Nkhwazi64 pa chomwe chayambitsa vutoli, koma funso lachiwiri la linked list silinayankhidwe, ndipo sindikufuna kuti a Wongoyamba aganize kuti ndi njira yachabechabe.

Linked list ili ndi ubwino woti nkhani ya kudzaza, kuzungulira ndi kukopera kulibe. Mumasunga pointer ya kumutu ndi pointer ya kumchira, node yatsopano mumailumikiza kumchira, ndipo pochotsa mumadula ya kumutu. Palibe tsiku lomwe kuika chinthu chimodzi kudzachedwe chifukwa choti zinthu miliyoni imodzi zikukoperedwa ku array yatsopano. Komanso chinthu chikalowa mu mzere chimakhala pa malo omwewo mu memory mpaka chitatuluka, choncho gawo lina la pulogalamu likhoza kusunga pointer yolozera chinthucho popanda mantha, zomwe sizingatheke pa array yomwe imasamuka ikamakula. Mbali yomwe muchotsere musaisinthanitse: ngati node iliyonse imangolozera yotsatira, kuchotsa kuyenera kuchitikira kumutu, chifukwa kuti muchotse ya kumchira mungafunike kuyenda mzere wonse kufunafuna node yoyandikana nayo.

Nayonso ili ndi msampha wake, womwe ndinagweramo ine ndemwe pomwe ndinkayamba. Mukachotsa node yomaliza, mutu umasanduka NULL paokha chifukwa umatenga pointer ya node yotsatira, koma mchira umatsala ukulozera memory yomwe mwaimasula kale ndi free. Mukadzaika chinthu chatsopano, pulogalamu imalemba m'malo omwe salinso anu. Nthawi zina imagwa pomwepo, koma nthawi zambiri imapitirira ngati palibe chachitika, n'kudzagwera kwina kutali komwe simungaganizire. Ine ndinatha masiku awiri ndikufufuza mbali yolakwika ya pulogalamu. Mankhwala ake ndi mzere umodzi wa code: mutu ukasanduka NULL, mchira nawo muuike pa NULL, ndipo poika chinthu mu mzere wopanda kanthu muzisintha zonse ziwiri.

Komabe ndinene zoona, pa ntchito yanu ya BFS ine sindingasankhe linked list. Pa kompyuta ya 64-bit pointer imatenga mabayiti 8, int imatenga 4, ndipo compiler imawonjezera mabayiti 4 apakati kuti node ikwane 16. Ngati mukugwiritsa ntchito malloc ya glibc, kachigawo kakang'ono kwambiri komwe imasungira pempho limodzi ndi ka mabayiti 32. Ndiye kuti nambala ya mabayiti 4 ikukudyerani memory yochuluka kasanu ndi katatu, kuwonjezera pa nthawi yoitana malloc ndi free pa chinthu chilichonse. Ma node amathanso kumwazikana mu memory, pomwe processor imathamanga kwambiri ikamawerenga zinthu zoyandikana chifukwa imazikokera mu cache, memory yake yaing'ono yothamanga, zambiri nthawi imodzi, kawirikawiri mabayiti 64.

Mukaona zomwe anachita olemba zinenero zina mupeza kuti ambiri anayesetsa kupewa node imodzi pa chinthu chimodzi. Java ili ndi ArrayDeque, yomwe inabwera ndi Java 6 m'chaka cha 2006, ndipo mkati mwake ndi array yozungulira yomwe imakula, monga momwe a Nkhwazi64 afotokozera. Imakana kusunga null, chifukwa poll, function yake yochotsa, imabweza null posonyeza kuti mzere ulibe kanthu, lomwe ndi vuto lomwe lija la -1. Python ili ndi collections.deque kuyambira pa 2.4, ndipo mu CPython inalembedwa ngati linked list ya zigawo zomwe chilichonse chimanyamula zinthu 64, kutanthauza kuti anatengako ubwino wa mbali zonse ziwiri. Amene amalemba pop(0) pa list wamba ya Python amakumana ndi kuchedwa komwe kuja munakumana nako poyamba. Mu C++, std::queue imangokuta std::deque pokhapokha mutaiuza zina, ndipo nayonso imasunga zinthu m'zigawozigawo.

Mpheta anayankha:

Zonse zanenedwa pamwambapa ndi zoona, koma pa BFS yokha pali njira yophweka kuposa zonsezi. Ngati BFS yalembedwa bwino, malo aliwonse a pa graph amalowa mu mzere kamodzi kokha. Ndiye ngati graph ili ndi malo N, tengani array ya zipinda N, mutu ndi mchira zizingopita kutsogolo, ndipo mchira sudzapitirira N. Kuzungulira sikufunika, kukulitsa sikufunika, ndipo mutu ukafanana ndi mchira tanthauzo lake ndi limodzi lokha, lakuti mzere watha. Phindu lina n'lakuti pomaliza array yonse imakhala ikusonyeza ndondomeko yomwe malo anafikiridwa, zomwe zimathandiza kwambiri pofufuza zolakwika.

Mawu akuti ngati yalembedwa bwino ndawanena dala. A Wongoyamba, kodi chizindikiro choti malo afikiridwa mumachiika nthawi iti? Chiyenera kuikidwa pomwe mukuika malowo mu mzere. Mukadikira mpaka pomwe mukuwachotsa, malo amodzi akhoza kulowetsedwa ndi oyandikana nawo ambiri asanafike pamutu, ndipo mzere umatupa kuposa N. Ndikukayikira kuti mwina ichi n'chomwe chinadzazitsa array yanu, choncho tayang'anani musanasinthe china chilichonse.

Wongoyamba anayankha:

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha nthawi yanu. A Mpheta, mwalasa penipeni. Chizindikiro ndinkachiika pochotsa, ndipo array yanga ndinaipatsa zipinda N poganiza kuti singadzaze, n'chifukwa chake sindinalembe chilichonse choona ngati yadzaza. Zolakwika zinali ziwiri, chimodzi chikubisa chinzake. Ndasamutsa chizindikirocho, ndipo BFS tsopano ikupeza njira pa ma graph onse omwe ndinayesa.

Array yozungulira ndaikonzabe pogwiritsa ntchito chiwerengero monga a Nkhwazi64 analangizira, chifukwa ndidzaifuna pa pulogalamu ya chipangizo choyezera kutentha ija. Funso langa lotsala ndi ili: popeza thread imodzi izingoika ndipo inayo izingochotsa, kodi ndingagwiritse ntchito code yomweyi osasintha kanthu?

Nkhwazi64 anayankha:

Ayi, musatero. Pa nkhani ya ma thread, malangizo anga a chiwerengero aja paokha sakwanira, ndipo ndiyenera kufotokoza chifukwa chake. Thread yoika imakweza chiwerengero, thread yochotsa imachitsitsa, kutanthauza kuti zonse ziwiri zikulemba pa nambala imodzi. Kukweza nambala kumaoneka ngati chinthu chimodzi mu code, koma processor imayamba yawerenga nambalayo, n'kuwonjezera, kenako n'kuilembanso. Tinene kuti chiwerengero chili pa 5. Ma thread onse awiri akawerenga 5 nthawi imodzi, ina idzalemba 6, ina idzalemba 4, ndipo yomaliza kulemba ndiyo idzapambane, pomwe yankho lolondola linali 5. Izi zikhoza kuchitika kamodzi pa maulendo ambirimbiri, choncho mukhoza kuyesa pulogalamu tsiku lonse osaona vuto. Mawu akuti volatile sathetsa vutoli mu C, ngakhale ambiri amaganiza choncho.

Yambani ndi mutex (loko yolola thread imodzi yokha kulowa pa nthawi) imodzi yoteteza mzere wonse, pamodzi ndi ma condition variable awiri, ina yodzutsa wochotsa chinthu chikalowa, ina yodzutsa woika mpata ukapezeka. Pa manambala ochokera ku chipangizo choyezera kutentha, liwiro la njirayi ndi lokwanira ndithu. Chofunika kusamala n'chakuti pthread_cond_wait, function yodikira pa condition variable, muziitana mkati mwa while, osati mkati mwa if. Malamulo a POSIX, omwe ma function a pthread amatsatira, amalola kuti thread idzuke popanda woidzutsa, choncho ikadzuka iyenera kuonanso ngati mu mzere mulidi kanthu isanachotse.

Ilipo njira yopanda mutex yomwe imagwira ntchito ngati woika ndi mmodzi ndipo wochotsa ndi mmodzi. Apa m'pomwe njira yosiya chipinda chimodzi ija imaonetsa ubwino wake, pakuti woika amalemba pa mchira pokha, wochotsa amalemba pa mutu pokha, ndipo palibe nambala yomwe onse awiri amailemba. Ngakhale zili choncho, muyenera kugwiritsa ntchito ma atomic (manambala omwe ma thread angawerenge ndi kulemba mosasokonezana) omwe anabwera ndi C11, mtundu wa C wa 2011, kuti chinthu chilembedwe m'chipinda kaye mchira usanasunthe, chifukwa compiler ndi processor zili ndi ufulu wosintha ndondomeko ya zolemba ngati simunaziletse. Oika kapena ochotsa akachuluka, nkhani imavuta kwambiri. Maged Michael ndi Michael Scott anafalitsa njira yodziwika ya mzere wopanda loko m'chaka cha 1996, ndipo ConcurrentLinkedQueue ya Java inamangidwa pa njira imeneyo, koma mu C imabwera ndi funso lovuta la nthawi yoyenera kumasula node yomwe thread ina mwina ikuiwerengabe. Ntchito yanu sikufuna zimenezo.

Chomwe ndikufuna muganizire mozama ndi chochita mzere ukadzaza, chifukwa pa pulogalamu imeneyi kukulitsa array si yankho labwino. Ngati kulemba mu fayilo kwachedwa kwa kanthawi kochepa, mzere umasunga manambala mpaka wolemba atapeza mpata, ndipo imeneyi ndiyo ntchito yake. Koma ngati manambala akubwera mofulumira kuposa momwe akulembedwera nthawi zonse, mzere wokula mopanda malire udzangodya memory mpaka pulogalamu itagwa, ndipo zonse zomwe zinali mkati zidzatayika limodzi. Mutha kuimitsa thread yolandira mpaka mpata utapezeka, koma chipangizo sichidikira, ndipo zomwe chatumiza pa nthawiyo zikhoza kutayika inu osadziwa. Mutha kutaya nambala yatsopano, kapena kufufuta yakale kwambiri posuntha mutu, monga imachitira deque ya Python mukaipatsa malire a kukula otchedwa maxlen. Ngati cholinga ndi kuona kutentha kwa panopa, kufufuta zakale n'koyenera. Ngati cholinga ndi kusunga mbiri mu fayilo monga mwanenera, nambala iliyonse muziisunga pamodzi ndi nthawi yomwe inayezedwa, ndipo muziwerenga zomwe zatayidwa n'kulemba chiwerengerocho mu fayilo momwemo, kuti wodzawerenga adziwe pomwe pali mpata.

Konzekeraninso za kutseka pulogalamu. Wochotsa akamadikira pa mzere wopanda kanthu pomwe woika wamaliza ntchito, adzadikira mpaka kalekale. Ikani chizindikiro choti mzere watsekedwa pansi pa mutex yomweyo, mudzutse onse ndi pthread_cond_broadcast, ndipo wochotsa amalize kukhuthula zotsala asanatuluke.

Thundu anayankha:

Ndiwonjezere za kuyesa, musanaike ma thread. Code yanu yoyamba ija, yosuntha zinthu, musaitaye. Ndi yochedwa, koma ndi yosavuta kuitsimikizira kuti ndi yolondola, choncho igwiritseni ntchito ngati muyeso. Lembani pulogalamu yaing'ono yomwe isankhe mwachisawawa kuika kapena kuchotsa, ichite zimenezo pa mizere yonse iwiri maulendo 1,000,000, ndipo ulendo uliwonse ifananitse zotuluka ndi chiwerengero. Array yozungulira muipatse zipinda zochepa kwambiri, 1, 2, 3 kapena 4, kuti izizungulira, kudzaza ndi kukhuthuka pafupipafupi, popeza zolakwika zomwe takambiranazi zimabisala pamalire pomwepo ndipo array ya zipinda 1024 imafikapo mwa apo ndi apo.

Pomanga pulogalamu ndi gcc kapena clang onjezerani -fsanitize=address kuti mugwire kulemba kunja kwa array kapena pa memory yomasulidwa. Mukadzaika ma thread, mangani padera ndi -fsanitize=thread, chifukwa ziwirizi sizigwiritsidwa ntchito pa kumanga kumodzi.